Masamba a Tionge ndi Chifuwa cha a Nkhoma

Kanini, Ndola
4 Malichi 2024

Wokondedwa mwana wanga Tionge,

Moni m'dzina la Ambuye wathu. Wadzuka bwanji kumeneko ku Kitwe? Kuno tili bwino. Amai ako akudandaula ndi bondo lao lija, ine ndili gwa, kupatula kachifuwa aka ka masiku onse.

Usandiimbirenso foni, ndikuuze kangati? Makutu anga anatsala pansi pa mgodi. Zaka 26 ndikuboola mwala, lero iwe ukamalankhula mu foni ine ndimangomva ngati udzudzu. Uzilemba kalata n'kuwapatsa a Shadreck aneba athu, poti basi yao imafika ku Kitwe tsiku ndi tsiku. Ndipo uzilemba m'chinenero cha kwathu, Chibemba usiyire anzako a kusukulu.

Thumba la masamba lija lafika. Mwana iwe! Repu wotere ndinamuona komaliza ku Chadiza ndili mnyamata. Chibwabwa, masamba a maungu aja, amai ako anatendera, ndinadya mpaka kumasula lamba, iwo n'kumandiseka kuti mkulu wa mpingo sanyambita zala. Ndinanyambita basi.

Koma pali chimodzi chikundivuta. A Shadreck akuti anakupeza uli m'majombo, khasu paphewa, matope mpaka m'mawondo. Ine khasu ndinalithawa kumudzi, n'kulowa pansi pa nthaka kuti ana anga adzagwire cholembera. Tsono ndakutumiza ku yunivesite kuti ukalipeze khasu lomwelo? Kukanakhala kulima, ndikanakupereka kwa amalume ako ku Chadiza, akanakuphunzitsa wopanda jombo. Undifotokozere bwino, chifukwa kutchalitchi ndinauza anthu kuti ukuphunzira sayansi.

Utumizenso masamba.

Ndine atate ako,
Jairus Nkhoma

*

Kitwe
16 Malichi 2024

Okondedwa atate,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino pamodzi ndi amai. Inenso ndili bwino, maphunziro akuyenda.

Musade nkhawa, anthu a kutchalitchi simunawanamize. Sayansi yake ndi imeneyi. Ndife ana a sukulu 30 a maphunziro a zaulimi, ndipo tinapempha malo kuseri kwa nyumba zathu zogona. Panali dzala, atate, mabotolo ndi mapulasitiki okhaokha. Tinachotsa ndi manja athu, lero pali mabedi a repu, kabichi, impwa, bondwe ndi anyezi. Tikufuna kuonetsa kuti munthu wa mu komboni, amene feteleza wa m'sitolo amangomuonera pawindo, angathe kulima ndiwo za ana ake pakhomo, ngakhale m'matumba chabe.

Theka la zimene timakolola timapatsa azimai a ku Chimwemwe amene amaphikira ana amasiye ndi odwala. Loweruka lililonse azimaiwo amabwera kudzaphunzira, ndipo wowaonetsa ndine. Mukanaona mwana wanu akuphunzitsa anthu a imvi, mukanaleka kulinyoza khasu langa.

Nthaka timaidyetsa zinthu zimene anthu amataya. Zambiri ndidzakuuzani pamaso, m'kalata sizikoma.

Tsono chifuwa chanucho. Inu mukuti kachifuwa, amai pa foni akuti mumakhosomola mpaka kugwira khoma. Ndimvere ndani? Chaka chino mwapita kukajambulitsa mapapo monga amachitira anzanu a ku mgodi? Mundiyankhe, funsoli musalilumphe.

Ndawapatsa a Shadreck thumba lina.

Mwana wanu,
Tionge

*

Kanini, Ndola
10 Juni 2024

Mwana wanga wokondedwa,

Moni, uli bwanji? Ndachedwa kulemba, koma matumba ako onse akhala akufika ndipo palibe tsamba limene linatayika.

Dzulo linali Sabata la masika. Ukudziwa mmene timachitira ife a m'tauni opanda minda. Wina shuga, wina sopo, wina mpunga wa m'sitolo, n'kumaimba zothokoza Mulungu pa zokolola ngati kuti sopo amamera. Chaka chino ine ndinalowa ndi wilibala! Makabichi ako 8 aja ndinawakankha ndekha kuchokera kunyumba. Ndinapuma kanayi panjira, mpweya ukundithawa ndi kuzizira kuno, koma ndinafika.

Tchalitchi chonse chinatembenuka. Abusa ananyamula mmodzi ndi manja awiri n'kufunsa kuti, "A Nkhoma, ameneyu mwamutenga kuti?" Ndinaimirira n'kuyankha kuti, "Ameneyu ndi wa m'manja mwa mwana wanga wa ku yunivesite." Akuti ndinakuwa kwambiri, paja ine sindidzimva. Amai a Chigwirizano analiza nthungululu. Makabichi awiri anapita kunyumba kwa Abusa, otsalawo anagawira amasiye. Ndinabwerera kunyumba wilibala ili pululu, mtima uli mbee. Khasu lako ndalikhululukira.

Za kujambulitsa ndidzapita kukatentha. Usandivute.

Azakhali ako a Norah amva mbiri ya makabichiwa. Akuti Loweruka afika kudimba kwanuko, poti kwao ku Chimwemwe n'kufupi, akufuna kuphunzira zolima m'matumbazo. Uwalandire bwino, paja mlongo wanga ndi yekhayo.

Atate ako,
Jairus Nkhoma

*

Chimwemwe, Kitwe
16 Juni 2024

Alongo anga a Jairus,

Moni, ngati moni angakome lero. Alamu a Damaris muwapatsenso moni. Ine sindili bwino. Ndasamba kawiri koma fungo likadali m'mphuno.

Dzulo ndinapita kudimba kwa mwana wanu. Ndinafika m'ma 9, ndinapeza azimai ngati 20 atakhala pamthunzi, Tionge ali kutsogolo. Pambali pake panali zigubu zachikasu zili pamzere, zotseka bwinobwino. Ine mumtima ndinati, ana awa ngaulemu, atikonzera munkoyo woti timwe. Mpaka ndinayamba kumeza malovu.

Atatsegula chimodzi! Mwe bantu! Alongo, ndi mkodzo. Mkodzo wa anthu. Ana a sukuluwo anaika zigubu m'zimbudzi zao, amuna kwao akazi kwao, amakodzeramo, zikadzaza amazisunga mwezi wathunthu kuti zisase bwino. Ndipo mwana wanu, amene munamuphunzitsa katekisima ndi pakamwa panu, ndiye mkulu wa zigubuzo. Amathira mu ndowa, kuonjeza madzi, kutakasa ndi kamtengo uku akuseka, n'kukathira m'mabedi a kabichi. Azimai ena mpaka kumalemba m'makope! Ine ndinathamangira kuseri kwa nthochi n'kusanza tiyi yense wa m'mawa. Asa!

Nditapukuta pakamwa ndinamuitanira pambali. Ndinati, "Iwe, zimene umatumiza kwa atate ako ndi zomwezi?" Anandiyang'ana m'maso osaphethira, akuti, "Ee azakhali, ndi zomwezi, ndipo akuzikonda." Awe mwandi, sukulu zinazi.

Tsono mvetserani, kunyansako ndi nkhani yaing'ono. Anyamata a pa sukulu mukuwadziwa mayendedwe ao, lero mkazi uyu mawa uyo. Ndi anthu otentha. Atsikana ena amakhala ali kumwezi. Kwathu mkazi wotere saloledwa ngakhale kuthira mchere mu ndiwo, kuopa kudula anthu a m'nyumba. Nanga inu mwakhala mukudya za m'thupi mwa anthu 100 osawadziwa, mwezi wachinayi uno! Chifuwa chosatha, kupuma movutika, kuwonda. Mawa muona miyendo ikutupa. Mdulo umayenda choncho, amai athu anatiuza tili ana. Mwana wanu wakudulani, alongo.

Ndikudziwa, ndinu mkulu wa mpingo, munena kuti izi n'zachikunja. Koma mdulo sufunsa udindo wa munthu. Kuli munthu wina ku Luangwa amene amadziwa mankhwala ake. Kuchipatala musayerekeze, wodulidwa akabayidwa jekeseni sadzuka.

Ndine mlongo wanu,
Norah

*

Kanini, Ndola
18 Juni 2024

Tionge,

Moni ndilibe.

Kalata ya azakhali ako ndinaiwerenga ndili pa tebulo, repu wako ali m'mbale. Ndinatulukira panja, amai ako n'kumandigwira pamphumi ngati mwana. Mpaka lero ndikaona chobiriwira chilichonse, ngakhale kapinga, nseru imandikwera.

Akulu anati safunsa anadya phula. Koma ine ndinafunsa! Ndinati undifotokozere bwino, iwe n'kuti m'kalata sizikoma. M'kalata sizikoma, koma m'kamwa mwa atate ako zikoma? Unadziwa kuti ndikamva sindidya, n'chifukwa chake unabisa.

Ndipo si mimba yanga yokha. Ndinatenga zinthu za m'chimbudzi n'kukaziika kutsogolo m'nyumba ya Mulungu monga zipatso zoyamba kucha. Abusa adya, amasiye adya. Azakhali ako sasunga mau, nkhani yadzaza kale Kanini yense. Dzulo pamsika azimai ena atandiona anagwira mphuno uku akuseka. Kugontha kunandithandiza, koma maso ndili nao. Zaka zonsezi palibe anandilozapo chala pa mowa kapena pa akazi, lero ndikalozedwe chifukwa cha mkodzo wa ana a eni? Wandivula, mwana iwe.

Za mdulo sindifuna kunena zambiri. Ndine Mkhristu. Koma ndayang'ana pa kalendala. Masamba ako anayamba kufika mu Malichi, chifuwa nacho chakula kuyambira mu Malichi. Lero m'mawa nsapato yakumanzere yakana kulowa.

Usatumizenso kanthu, a Shadreck ndawauza. Pa holide usabwere kuno. Ukhale komweko ndi zigubu zako kufikira utazisiya. Manja amenewo asagwire mphika wa m'nyumba mwanga.

Jairus Nkhoma

*

Kitwe
19 Juni 2024

Atate,

Ine moni ndili naye. Muli bwanji? Ndikufunsa zoona, si mwambo chabe.

Ndinalakwa kubisa, pepani. Ndinkaopa zomwezi. Koma tsono mumve zonse, ngakhale zinunkhe. Mkodzo timausunga wotseka mwezi umodzi kuti tizilombo tife. Timasakaniza gawo limodzi ndi magawo asanu a madzi, timathira pa nthaka osati pa masamba, ndipo timaleka patatsala mwezi kuti tikolole. Chimene kabichi amayamwa ndi chakudya chomwecho chimene chili mu feteleza wa m'thumba. Ku Chadiza dzungu lalikulu limamera pati, si pakhola? Ndowe ya ng'ombe mumaitcha dalitso. Walira mvula walira matope, atate.

Kununkha kumanunkhadi, sindikana. Masiku oyamba inenso ndinkasanza. Koma ku Chimwemwe kuli nyumba 40 zimene ana akudya ndiwo tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene wadulidwa.

Chimene chikundinyansa ine si zigubu. N'chakuti munthu amene anameza fumbi la mwala zaka 26, lero akuloza kabichi. Chifuwa chanu sichinayambe mu Malichi. Ndili Giredi 9 ndinkakumvani mukukhosomola kubafa m'mawa uliwonse, dimba lathu lisanalotedwe n'komwe. Azakhali akudziwa zimenezi, ndi iwo amene ankakubweretserani uchi ndi mandimu. Manje aiwala?

Mundikane ine, palibe kanthu, koma mupite kuchipatala sabata ino. Ndafunsa mnzanga wophunzira za udokotala, akuti miyendo ikayamba kutupa pa chifuwa chotere si nkhani yodikira kuti kutenthe. Ngati simufuna ku Ndola, bwerani kuno ku Kitwe kumene amayeza anthu a ku migodi. Ndidzakuperekezani, ndidzaima patali kuti musamve fungo langa.

Zigubu sindisiya.

Mwana wanu, mufune musafune,
Tionge

*

Kanini, Ndola
28 Julayi 2024

Mwana wanga Tionge,

Moni. Ndine amai ako. Ukhululuke malembedwe, paja ine cholembera si mnzanga. Ndikulemba chifukwa foni yako siikupita, sabata yachitatu ino. Uli moyo?

Kalata yako ija atate ako sanaitsegule. A Shadreck atawapatsa, anaigwira ndi nsonga za zala n'kundiuza kuti, "Kaiponye m'chimbudzi, kwao n'komweko." Ine sindinaiponye. Ili pansi pa zovala zanga za Chigwirizano.

Azakhali ako ali kuno kuyambira kumayambiriro kwa mwezi. Anabwera ndi mizu ya ku Luangwa, timaiwiritsa m'chitini mobisa kuti Abusa asadziwe. Madzi ake ndi akuda bii, fungo lake ngakhale galu amachoka pakhonde. Atate ako amamwa atatsina mphuno, akamaliza amapemphera kupepesa Mulungu. Akutsegula m'mimba, azakhali ako akuti ndi zoipa zikutuluka. Ine ndikungoona munthu akutha. Kolala ya malaya ikuzungulira pakhosi, miyendo ndiye sailowetsa mu nsapato iliyonse. Ndiwo zamasamba sadya, ngakhale za pamsika.

Ndikati tiyeni kuchipatala, azakhali ako amati, "Mlamu, mukufuna kumaliza zimene mwana wanu anayamba?"  Achibale a ku Chadiza nao aimba foni, akuti zikavuta mlandu uli pa iwe. Mwana wanga, ine ndili ndi mantha. Dzina la wodula atate ake silichoka ndi sopo. Lidzakutsata ku ukwati, lidzatsata ndi ana ako. Sungangowalembera kuti wasiya, ngakhale usasiye?

Undiyankhe kudzera kwa a Shadreck, adzandipatsira kuseri.

Amai ako,
Damaris

*

Kitwe
30 Julayi 2024

Amai,

Moni, ndili moyo. Zikomo posaitaya kalata ija.

Foni ndinazimitsa ndipo sindiyatsa. Pa gulu la banja la pa foni, anthu amene sanandipatsepo ngakhale pensulo akunditumizira zithunzi za zimbudzi. Asuweni anga akunditcha Namkodzo. Zandikwana, amai, ndikaganiza za abale anga m'kamwa mumachita kuwawa.

Kunama kuti ndasiya sindingathe. Ndikatero ndavomera kuti ndinawadula, ndiye kuchipatala sadzapitanso, adzangoonjeza mizu.

Lachinayi lapitali ndinabwera, inu muli ku Chigwirizano. Ndinafika pa geti, azakhali anandibweza tsache lili m'manja, akuti atate akandiona matenda akwiya. Ndinawamva akukhosomola m'nyumba. Ndinalira basi yonse mpaka ku Kitwe.

Apempheni a Shadreck awanyamule ngakhale mokakamiza. Chonde, amai.

Tionge

*

Kanini, Ndola
23 Seputembala 2024

Wokondedwa mwana wanga Tionge,

Moni m'dzina la Ambuye wathu. Uli bwanji? Kalata ino ndaiyamba katatu.

Pa 5 mwezi uno ndinagwa pa msonkhano wa akulu a mpingo, magazi ali pa malaya. Sanandifunse maganizo. A Shadreck anatsitsa anthu m'basi n'kundithamangitsira kuchipatala. Ndagona kumeneko masabata awiri, ndabwera kunyumba Lachisanu. Amai ako ndinawaletsa kukuuza, chifukwa cha manyazi.

Anandijambula. Dokotala wake, mtsikana wa msinkhu wako, anaika chithunzi pa nyale. Ataona kuti sindimva, analemba pa pepala kuti, "Munagwira zaka zingati pansi?" Za kabichi sanafunse. Akuti mapapo adzaza fumbi la mwala, TB n'kupezerapo nyumba, mtima nao watopa n'kukoka, ndiko kutupa kwa miyendoku. Analembanso kuti, "Munali kuti miyezi yonseyi?" 

Bedi la pafupi nane panali a Amos, amene tinkaboola limodzi. Munthu uja chibadwire sadya masamba, amati n'chakudya cha mbuzi. Koma chifuwa chao ndi changa, mapasa. Kutsidya kunali ena awiri a shifiti yathu yomweyo. Ndinagona chagada n'kumaganiza. Tonse anayi tinameza fumbi limodzi, koma wodya repu wako ndine ndekha. A Amos anawatulutsa Lachitatu atawaphimba kumutu.

Nditafika kunyumba ndinafunsa amai ako ngati kalata ija anaiponyadi. Ndaiwerenga patapita miyezi itatu. Pamene unalemba kuti udzaima patali kuti ndisamve fungo lako, ndinaika pepala pansi, maso anakana.

Zigubu zako zikundinyansabe, sindikunamiza, ndipo sindifuna kuziona. Koma chimene chikundinyansa koposa ndi mkulu wa mpingo amene anamwa mizu m'chitini mobisa, n'kuthamangitsa mwana wake kuti asamve zoona za chifuwa chake. Ndinkadziwa, Tionge. Munthu wa ku mgodi aliyense amadziwa. Ndinkaopa chithunzi chija, ndipo kabichi anali wosavuta kumuimba mlandu. Ndakulakwira kwambiri. Pepa, mwana wanga.

Azakhali ako ndi a ku Chadiza akuti dokotala sadziwa za mdulo, ndipo dzina lako likadali m'kamwa mwao. Mau anga sakuwamva. Tsono unditumizire repu wa pa bedi lomwe lija. Ubwerenso ukapeza mpata. Ine ndili bwinoko, ndikumwa mapiritsi.

Ndine atate ako,
Jairus

*

Kitwe
25 Seputembala 2024

Atate,

Moni. Kalata yanu ndalandira. Ndathokoza Mulungu kuti tsopano muli pa mankhwala enieni.

Repu ndi ameneyo, ndathyola ndekha m'mawa uno. Kupepesa kwanu ndakumva, koma musandifulumize. Miyezi itatu ndayenda ndi dzina lonunkha, ndabwezedwa pa geti la nyumba imene ndinabadwiramo, inu muli m'kati. Mtima ukadali wowawa, sindibisa.

Ndili ndi mayeso mpaka Lachisanu la sabata yamawa. Poti mukuti muli bwinoko, ndidzabwera Loweruka lake, tidzalankhule bwino. Azakhali ndisadzawapeze.

Tionge

*

Kanini, Ndola
26 Seputembala 2024

Tionge,

Moni mwana wanga. Werenga msanga.

Atate ako anakunamiza, sali bwinoko. Kuchipatala sanawatulutse, anachita kupempha okha kuti akagone kwao. Dokotala anandiuza ine pakhonde kuti mtima wafika pothera. Kalata ija anailemba tsiku lonse, akupumira. Chakudya anasiya Lamlungu, madzi tikuwapatsa ndi supuni.

Dzulo masana repu atafika, anatsegula maso. Anati ndiphike pomwepo, ndiitane azakhali ako, Abusa ndi akulu a mpingo awiri, ndiimbenso foni ku Chadiza ikhale yotsegula pa tebulo. Tinawakhazika pa mpando n'kuwatchinjiriza ndi mapilo. Azakhali ako ataona mbale anafuula kuti, "Alongo, mukudzipha!" Iwo sanacheuke n'komwe. Anatambasula dzanja lija latsala mafupa okhaokha n'kutapa repu. Dzanja linagwetsa katatu, ndinafuna kuwathandiza anandikankha. Anatafuna nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu. Kumeza kunali nkhondo, koma anameza. Anatapanso kachiwiri n'kumeza.

Ndiye anakuwa mmene amakuwira muja, mpaka a pa foni anamva. Anati, "Mwaona nonse. Ndadya ndi dzanja langa, ndikudziwa chimene anathira. Wandipha ine ndi mwala wa ku mgodi. Amene adzatchule mwana wanga pa maliro anga, ameneyo si mbale wanga." Abusa anakoka mbale ija nao n'kudya. Akulu aja anadyanso. Azakhali ako anatulukira panja akulira.

Atate ako anatapa kachitatu, koma sanathe kumeza. Kuchokera pamenepo sanalankhulenso zambiri. Akatsegula maso akungofunsa ngati basi ya ku Kitwe yafika.

Mayeso udzalemba chaka china. A Shadreck ali pa geti la sukulu yanu ndi kalata ino, lero sananyamule munthu wina aliyense. Ngati akupeza kudimba, usataye nthawi n'kukasamba. Bwera mmene ulili.

Amai ako,
Damaris